Kodi printa ya kunyumba imasunga zikalata zomwe mwasindikiza?

Achemwali, mwafunsa ngati printa yomwe mukufuna kugulitsayo ingakhale kuti inasunga makope a ziphaso ndi mapepala a kubanki omwe mwakhala mukupangirapo fotokope. Ngati ndi yaing'ono, monga Canon Pixma, HP DeskJet kapena Epson EcoTank, mtima m'malo. Maprinta otere sakhala ndi hard disk, chipangizo chomwe chimasunga zinthu ngakhale magetsi atazima. Tsamba likamasindikizidwa limangodutsa mu memory yotchedwa RAM, yomwe imafufutika yokha magetsi akazima. Mukazula pulagi, za patsambalo zapita.

Koma mantha anuwo ali ndi pochokera. Mu 2010 wailesi ya kanema ya CBS ku America inagula makina anayi a fotokope ogwiritsidwapo kale ntchito ku New Jersey, alionse pamtengo wa madola pafupifupi 300. Atafufuza m'ma hard disk ake anapezamo zikalata za apolisi a mumzinda wa Buffalo komanso mbiri za odwala za kampani ya inshuwalansi ya Affinity Health Plan. Mu 2013 kampaniyo inalipira boma la America madola opitirira 1.2 miliyoni chifukwa inabweza makina obwereka osafufuta. Amenewo ndi makina akuluakulu a muofesi, aja ofika m'chiuno, okhala ndi madirowa a mapepala. Ngati wina anagula otere kuti azichitira bizinesi kunyumba, nkhani yake ndi ina: ayang'ane ngati ali ndi disk, ndipo asanawagulitse aifufute pogwiritsa ntchito overwrite (njira yolemba zina pamwamba pa zakalezo kuti zisawerengekenso), apo ayi aichotsemo ndithu.

Yanuyo chomwe imasunga ngakhale itazima ndi zimene munaitchera: dzina la Wi-Fi ya pakhomo panu ndi pasiwedi yake, ndipo ngati ili ndi fakisi, manambala a anthu, komanso pa maprinta ena mafakisi omwe anafika koma sanasindikizidwe. Kwa ine pasiwediyo ndiye yofunika kuisamala, chifukwa ambirife pasiwedi imodzi yomweyo timaigwiritsa ntchito paliponse. Choncho lowani mu Settings, musankhe zobwezeretsa zonse mmene zinalili ikuchokera kufakitale. Amene muli ndi printa ya Canon tcherani khutu apa. Mu 2023 kampaniyi inachenjeza kuti pa maprinta ake ambiri a inki, kuchita reset kamodzi sikumafufuta zonse za Wi-Fi. Inalangiza kuchita reset, kenako kuyatsanso Wi-Fi ya printayo, n'kuchitanso reset kachiwiri. Mukatero muichotsenso pa akaunti yanu ya HP Smart kapena Epson Connect ngati munailembetsa. Ndipo musaseke, tsegulani chivundikiro muone ngati pagalasi simunasiye pepala, komanso ngati simunaiwale kadi kapena flash pobayira paja.

Komwe zikalata zimatsalira kwenikweni ndi pa kompyuta. Zomwe munachita scan zili m'mafoda anu, nthawi zambiri mu Documents kapena Pictures, kapenanso mufoni. Windows nayo imayamba yaika chikalata pamzere mufoda ya spool isanachitumize ku printa. Imachifufuta ikamaliza, pokhapokha ngati wina anachonga pamene palembedwa kuti Keep printed documents. Ndiye ngati laputopu ikupita limodzi ndi printayo, ntchito yaikulu ili pa laputopupo.

Chinanso, poti mukagulitsa muzikasindikiza kwa anyamata a fotokope m'tauni. Pamenepo ndiye pondidetsa nkhawa kuposa printa yanuyo. Timawatumizira chithunzi cha chiphaso cha unzika pa WhatsApp, iwo n'kuchitsitsira pa kompyuta yomwe aliyense amakhalapo, ife n'kulipira n'kumapita. Chithunzicho chimatsala mufoni mwawo komanso mu Downloads. Ndi bwino kupita ndi chiphasocho pamanja, achiike pagalasi inu mukuona. Ngati mwatumiza pafoni, imani pomwepo mpaka afufute konse kuwiri, ndi mu Recycle Bin momwe. Mapepala omwe sanatuluke bwino musawasiye m'bini mwawo, muwatenge ndi anu.