Kandalama kabodza kamene kanagulapo buledi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito ku Birmingham. Anagula kandalama kamkuwa pa msika wa zinthu zakale, kolembedwa John Wilkinson ndi chaka cha 1787, ndiye wina wawauza kuti n'kabodza, kochita kuumba. Akuti: kodi anandibera?

Achemwali, mwandikumbutsa masiwiti. Ndili mwana, amayi ankandituma sopo pa golosale ina, ndipo mwini wake akati "chenji palibe" ankandiponyera masiwiti awiri. Ndinawasunga mpaka anakwana khumi, n'kupita nawo kuti ndikagule machesi. Anandipirikitsa ndi tsache! Mpaka lero chimandiwawa. Akapereka iyeyo ndi ndalama, ndikapereka ine ndi chipongwe.

Vuto la chenjili ndi lomwe linabala kandalama kanuko. Kuchokera mu 1775 Royal Mint, malo osulira ndalama a boma la Britain, inasiya kusula makobili amkuwa, pamene mafakitale ankachulukirachulukira ndipo antchito ankafuna malipiro awo. Mu 1787 kampani ya mgodi wa mkuwa, Parys Mine Company ya ku Anglesey ku Wales, inayamba kusula ake. Wilkinson, mkulu wa zosula zitsulo, anatsatira, n'kuikapo nkhope yake pamene pamakhala ya mfumu. Matama ake! Koma iyeyo ankalonjeza kuti ukabweza adzakupatsa ndalama yeniyeni, kusiyana ndi wa golosale uja.

Akathyali sanachedwe. Ena ankasula zawo zopepuka, mpaka kulakwitsa dzina, "Wilkison". Ena ankadinda kandalama kenikeni mu mchenga, n'kuthira chitsulo chosungunula m'chikombolemo. Mzinda mukukhalawo unatchuka nazo kale, moti mawu oti "Brummagem", dzina lina la Birmingham, anayamba kutanthauza chinthu chachinyengo.

Ndinayamba kulemba ndikufuna kuwadzudzula, koma ayi, ndasintha maganizo. Mayi wogulitsa buledi ankaona ndithu kuti kakobili n'kopepuka, ankalandirabe poti mawa wogulitsa makandulo alandiranso. Wolakwa ndi boma limene linagona zaka 22, mpaka 1797 pamene linapatsa mwini fakitale wina, Matthew Boulton, ntchito yosula mapeni pa makina ake ku Soho, kufupi ndi Birmingham. Peni imodzi inkalemera pafupifupi magalamu 28, yobowola thumba. Lamulo loletsa tindalama ta makampani linabwera mu 1817, anthu atavutika kale.

Nanga kanuko?

Yang'anani m'mphepete: koumba kamakhala ndi kamzere pamene zikombole ziwiri zinakumana, timaenje ngati ta mchenga, ndi zilembo zofufuma. Mukakagogoda sikalira bwino. Ngati kanaumbidwa kalelo, osonkhanitsa zakale amakafunabe. Ngati n'kadzulodzuloli, pepani, anakuberani, ndipo wodziwa kusiyanitsa ndi wogulitsa makobili akale. Musakakweche ndi phulusa musanamuonetse.