Kuthyola makodi sikuphunziridwa m'masabata 6

Achimwene, mwafunsa za maphunziro a masabata 6 othyola makodi: ndalamazo musawapatse. Aliyense wokulonjezani kuti pakatha masabata 6 mukhala katswiri wothyola makodi achinsinsi akukunamizani dala, ndipo anthu amenewa amandikwiyitsa zedi chifukwa amadyera pa achinyamata achidwi ngati inu. Amakuphunzitsani kudina mabatani a pulogalamu imene analemba wina, basi satifiketi m'manja. Pa intavyu akangokufunsani chifukwa chake RSA, njira yodziwika yobisira uthenga, imadalira manambala awiri akuluakulu a prime (amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni okha), mumangoti kakasi.

Chimene sakuuzani n'chakuti AES, njira ina yobisira uthenga, ikagwiritsidwa ntchito molondola, palibe amene amaithyola poyesa makiyi mmodzimmodzi. Ntchito yeniyeni ndi kusaka pamene munthu anaphonya. Mu 2010 kiyi ya PlayStation 3 inaululika chifukwa pa siginecha za pakompyuta za mtundu wa ECDSA, nambala yoyenera kusintha nthawi iliyonse inali imodzimodzi. Masiginecha awiri okha ndi masamu ochepa, kiyi yatuluka. Ku Debian nako, komwe amapanga sisitemu yoyendetsa kompyuta, anachotsa mizere iwiri ya khodi mu OpenSSL, pulogalamu yopanga makiyi, mu 2006, ndipo pofika 2008 zinadziwika kuti makiyi otheka a mtundu uliwonse anangotsala pafupifupi 32,000. Kompyuta wamba imawayesa onse.

Koma zotere sizibwera tsiku lililonse. Nthawi zambiri mumakhala miyezi itatu mukuyang'anizana ndi mabayiti (timagawo ta data) osamveka, mwalemba pulogalamu, yayenda usiku wonse, m'mawa mukupeza kuti munawerenga mabayitiwo chambuyo, kuyambira kumapeto. Zonse zija kutaya. Mukonza, iyendanso, ipereka zinyalala zokhazokha. Bwana amene sadziwa kusiyana kwa hash (chidindo cha uthenga chosabwezeka) ndi encryption (kubisa uthenga kuti wa kiyi auwerenge) akufunsa kuti mutsiriza liti, ngati kuti mukumanga khoma la njerwa. Yankho loti "sizingathyoledwe" nalonso ndi zotsatira za ntchito, koma iye salandira.

Ndiye pali chinsinsi. Clifford Cocks anatulukira njira yofanana ndi RSA ku GCHQ, bungwe la ukazitape la boma la Britain, mu 1973, koma ulemu unapita kwa Rivest, Shamir ndi Adleman mu 1977, iye ali duu mpaka 1997. Mnzake James Ellis, amene anayambitsa ganizolo, anamwalira patangotsala milungu yochepa kuti ziululidwe. Mukalowa m'mabungwe a boma ngati amenewa, ngakhale akunyumba simuwauza chimene mwagwira lero. Komanso GCHQ ndi NSA, bungwe lofanana nalo la ku America, salemba mlendo, ndipo amafufuza moyo wanu wonse, ngongole ndi abwenzi omwe. Akatswiri ena amagwira ntchito m'makampani ofufuza chitetezo cha mapulogalamu, m'mabanki kapena kuyunivesite.

Ngati mtima ukadali pomwepo, yambani ndi masamu: number theory, linear algebra ndi probability. Phunzirani Python, kenako C kuti muziona zimene zikuchitika m'memore. Chitani zoyeserera za pa intaneti za Cryptopals motsatana osadumpha, n'zaulere, ndipo lowani mipikisano ya CTF (Capture the Flag), yothyola masisitemu oyeserera. Musakhudze sisitemu ya munthu popanda chilolezo cholembedwa, chifukwa umenewo ndi mlandu.

Komabe pepala lokha mulipeze. Olemba ntchito ambiri sayang'ana CV yopanda digiri ya masamu kapena ya kompyuta, ndipo malo ambiri a kafukufuku amafuna masters kapena PhD. Ngati digiri siitheka panopa, ngakhale satifiketi imodzi yodziwika ingakutsegulireni khomo, bola isakhale ya anthu a masabata 6 aja.