Yambani ndi ngalande, feteleza adikire

Bambo, mwafunsa chochita ndi maungu anu a mtundu wa Atlantic Giant, omwe akhala pa mvumbi kwa sabata yathunthu, ndipo mwati masamba ayamba chikasu moti mukuganiza zothira feteleza. Ndikupemphani kuti musathire kaye. Masambawo sakusintha chifukwa cha njala yokha ayi, koma chifukwa mizu ikusowa mpweya m'dothi lomwe lachita lowe, ndipo mizu yotere singathe kuyamwa chakudya ngakhale mutachiika pafupi.

Ntchito yoyamba ndi kuchotsa madzi. Kumbani ngalande kumtunda kwa munda kuti madzi ochokera kwina asalowe, kenako kumbani ina yotsetsereka yotulutsa omwe adikha kale. Ngalandezi zikhale kutali ndi nthambi zoyanga, pakuti mtundu umenewu umamera mizu pamfundo iliyonse yomwe yakhudza dothi, ndipo khasu lingadule mizu yambiri inu osadziwa. Musaponde m'mundamo, yalani matabwa oti muziyendapo, chifukwa dothi lonyowa likatsendereka limachedwa kwambiri kuuma.

Malo omwe ndimawadera nkhawa koposa ndi patsinde, pomwe mbewu inatulukira m'nthaka, chifukwa kuola kumakonda kuyambira pamenepo. Fukulani matope omwe akwirira tsindelo, ndipo mangani kadenga ka pulasitiki pamwamba pake, kotseguka m'mbali kuti mphepo izidutsa. Mukapeza pofewa ndi ponunkha, palani ndi mpeni woyera mpaka mufike polimba, n'kusiya paume. Dzungu lenilenilo musaligoneke m'matope: ikani thabwa ndi mchenga pansi pake likadali laling'ono, ndipo nalonso mulimangire kadenga.

Howard Dill wa ku Nova Scotia, m'dziko la Canada, ndiye anapanga mtunduwu posankha mbewu za maungu akuluakulu, ndipo dzungu lake likafika pachimake limatha kuwonjezera makilogalamu 15 kapena kuposerapo pa tsiku. Mukaphatikiza madzi ochuluka ndi feteleza wa Urea, limakula mothamanga mpaka kung'ambika, ndipo long'ambika silichedwa kuola.

Mvula ikakata ndipo masamba auma, dulani onse odwala n'kuwataya kunja kwa munda, kenako poperani mankhwala oteteza mbewu ku matenda, Dithane kapena copper oxychloride, motsatira malangizo a pa paketi, makamaka kunsi kwa masamba. Feteleza muthire pang'ono pokhapokha dothi litauma moti likufumbutuka m'manja, komanso nsonga za nthambi zitayambanso kuyanga.