Unamwino wa chaka chimodzi? Yankho kwa achimwene a ku Chibavi

Kalata yafika kuchokera kwa achimwene ena a ku Chibavi kuno ku Mzuzu, omwe amagulitsa zovala mumsika wa Taifa. Akuti: "Mlongo wanga wakhoza MSCE ndi mapointi 21 ndipo mtima wake wonse uli pa unamwino. Wolipira fizi ndine ndekha. Pa Facebook ndaona sukulu ina yomwe ikuti imaphunzitsa unamwino chaka chimodzi basi, fizi yake ndi yotsika, ndipo akuti ya fomu titumize pa Airtel Money. Ndimutumize kumeneko? Ngati ayi, ndi koleji iti yabwino yomwe munthu wa geni ngati ine angakwanitse?"

Achimwene, ndalama ya fomuyo musatumize. M'Malawi muno palibe unamwino wa chaka chimodzi. Dipuloma ya Nursing and Midwifery Technician, yomwe aliyense amangoti NMT, imatenga zaka 3. Digiri ya unamwino ndi uzamba imatenga zaka 4. Maphunziro a miyezi yochepa amene amalengezedwa pa intaneti nthawi zambiri amakhala a kasamalidwe ka odwala ndi okalamba pakhomo. Ntchito imeneyo ndi yolemekezeka, koma woiphunzira sakhala namwino, ndipo satifiketi yake siingamulowetse m'wodi ya boma kapena ya mishoni ngati namwino. Komanso koleji yeniyeni imakuuzani akaunti ya ku banki yomwe ili m'dzina la koleji, nkukupatsani risiti. Nambala ya foni ya munthu si ofesi ya zachuma.

Amene amanena kuti uyu ndi namwino si koleji ayi. Ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe anamwino amangoliti Khonsolo, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Khonsoloyi imavomereza sukulu pamodzi ndi pulogalamu iliyonse payokha, imalemba wophunzira aliyense m'kaundula wake akangoyamba maphunziro, ndipo pomaliza imalembetsa mayeso a laisensi. Wolephera mayeso amenewa, kapena amene sanaloledwe n'komwe kuwalemba chifukwa sukulu yake ndi yosavomerezeka, amakhala pakhomo ndi pepala lokongola lopanda ntchito. Ndiye poyeza kutchipa, musayang'ane fizi ya semesita yoyamba. Werengerani zonse zomwe zituluke m'thumba mwanu mpaka tsiku lomwe mlongo wanu adzagwire laisensi m'manja.

Mawu oti "pulogalamu iliyonse payokha" muwagwiritse. Sukulu itha kukhala yovomerezeka pa maphunziro ena, nkuyamba kulandira ophunzira pa pulogalamu yatsopano chilolezo chisanatuluke. Mukamva kuti "mapepala ali m'njira", dziwani kuti sanafike. Funsani ku Khonsolo komweko, potchula dzina la koleji ndi dzina la pulogalamu. Ngati ndi digiri, onaninso mndandanda wa bungwe la NCHE, lomwe limavomereza sukulu za ukachenjede. Safunsa anadya phula.

Mwayi wanu ndi woti mukukhala ku Mzuzu, komwe sukulu zodziwika zili pafupi. Mumzinda momwe muno muli St John's, ya mpingo wa Katolika, yomwe ili pamodzi ndi chipatala cha St John's. Makilomita pafupifupi 20 pa msewu wopita ku Karonga pali Ekwendeni College of Health Sciences, ya Sinodi ya Livingstonia ya CCAP, moyandikana ndi chipatala cha mishoni cha Ekwendeni. Zonsezi zili pansi pa CHAM, mgwirizano wa zipatala ndi makoleji a mipingo. St John of God College of Health Sciences nayo ili muno, ndipo imadziwika kwambiri pa za umoyo wa ubongo ndi maganizo. Kumeneko funsani kuti ndi mapulogalamu ati amene akulandira ochokera ku Folomu 4, chifukwa ena ndi a anthu omwe ali kale pantchito. Ku Luwinga kuli Mzuzu University, yomwe imaphunzitsa digiri ya unamwino ndi uzamba.

Kutali kuliko zambiri: Nkhoma ndi Daeyang ku Lilongwe, St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Malamulo ku Thyolo, Trinity ku Nsanje, Malawi College of Health Sciences ya boma, ndi Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Tumizaniko mafomu ku ziwiri kapena zitatu kuti malo asamusowe, koma mukumbuke kuti ulendo wa basi wa Mzuzu ndi Nsanje, kupita ndi kubwerera pa holide iliyonse kwa zaka 3, ndi fizi inanso payokha.

Za mapointi 21 aja. Nambala imeneyo payokha siinena zambiri. Tengani satifiketi muone Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza. Mwana atha kukhala ndi mapointi abwino chifukwa cha Chichewa, Bible Knowledge ndi Agriculture, koma Biology ali ndi 7, ndipo fomu yake imagwa pa tebulo loyamba. Ngati zili choncho, chanzeru ndi kulembanso phunzirolo ku MANEB chaka chamawa, osati kuthamangira sukulu yomwe ikuti "ife timalandira aliyense". Ku mayunivesite a boma amafuna makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo malo a unamwino amalimbiranidwa kwambiri. Apemphe ndithu malo a digiri, koma NMT ikhale njira yomwe mukuikonzekera ndi ndalama. Maganizo anga ndi oti kwa banja lomwe wolipira ndi mmodzi, NMT ndi poyambira pabwino: imafupika ndi chaka chathunthu, ndipo akagwira ntchito atha kudzapitiriza mpaka digiri.

Tsopano tengani kope, ngati lomwe mumalembamo za geni, mupatse koleji iliyonse tsamba lake. Pamwamba lembani ya fomu ndi yolembetsera. Kenako fizi ya semesita, muichulukitse ka 6, poti zaka 3 za NMT ndi masemesita 6. Pansi pake hositelo ndi chakudya, ndipo apa funsani bwino, chifukwa kwina fizi imaphatikiza malo ogona koma osati nsima, kwina wophunzira amadziphikira. Onjezani yunifolomu, zosachepera ziwiri kuti ina ikachapidwa ina ivalidwe (mu Juni ndi Julayi zovala kuno siziuma tsiku limodzi), nsapato zotseka, juzi yovomerezeka, wotchi ya pachifuwa yowerengera kugunda kwa mtima, themometa, stethoscope, makina oyezera BP ngati akufunika, ndi kalipenga kaja komvera mtima wa mwana m'mimba. Palinso ndalama ya kaundula wa Khonsolo chaka choyamba, ya mayeso a laisensi chaka chomaliza, mafotokope, ndi bandulo ya intaneti.

Mzere womwe umagwetsa mabanja ambiri ndi wa mapulakitiko. Wophunzira unamwino amakhala nthawi yaitali m'zipatala, ndipo si nthawi zonse pomwe amakhala pachipatala cha pakhomo pa koleji. Atha kutumizidwa ku Mzuzu Central Hospital, ku Mapale, kapena ku chipatala cha boma ku Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ngakhale Karonga kwa masabata angapo. Funsani mosapita m'mbali: thiransipoti amalipira ndani, kogona amapeza ndani, chakudya ndi cha ndani? Koleji yomwe fizi yake ndi yotsika koma zonsezi imazisiyira kholo itha kudula kuposa ya fizi yokwera yomwe ili ndi basi yake ndi nyumba zake. Mukaphatikiza zonse, siyani mpata pamwamba. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zikatero fizi ndi chakudya zimatsatira. Funsaninso ngati amalola kulipira pang'onopang'ono, ndi gawo lomwe liyenera kukhala litalipidwa kuti mwana alowe m'chipinda cha mayeso.

Mwina mukuganiza kuti azigona kwanu ku Chibavi kuti mupulumutse ya hositelo. Ndi nzeru, ngati koleji ikulola. Koma werengerani kabaza wa tsiku ndi tsiku, ndipo muganizire za mtsikana amene akuyenera kukhala ali m'wodi m'mamawa kulandira lipoti, kapena kupita ku naiti kutada, nthawi ya mvula ya kuno yomwe imafika mpaka Epulo. Wochedwa ku wodi maola ake samusainira.

Ubwino wa sukulu suoneka pa chikwangwani. Pitaniko tsiku la ntchito, inu ndi mlongo wanuyo, mupemphe kuona chipinda chophunzirira maluso, chomwe amachiti skills lab. Muyenera kupezamo mabedi, zidole zazikulu zonga munthu, mkono wa pulasitiki wophunzirira kuika diripi, chiuno cha mayi ndi kachidole ka khanda kophunzirira kubereketsa, ndi kachikwama kopopera mpweya khanda lobadwa losapuma. Yang'anani ngati zinthuzo zikuoneka zogwiridwagwiridwa. Mkono womwe uli ndi timabowo ta singano tambirimbiri ndi umboni wabwino kuposa watsopano wotsekeredwa m'kabati. Funsani kuti kalasi imodzi ili ndi ophunzira angati, chifukwa anthu 100 pa chidole chimodzi ndi kuonerera, si kuphunzira.

Mukatuluka mu ofesi, pezani wophunzira wa chaka chachitatu mumupemphe akuonetseni logibuku yake. M'buku limenelo mumalembedwa chilichonse chomwe wachita ndi manja ake, namwino womuyang'anira nkusainira: kubaya jakisoni, kutsuka bala, kuyeza amayi a sikelo, kubereketsa. Pa uzamba pali chiwerengero cha amayi chomwe wophunzira ayenera kuchiritsa asanaloledwe kumaliza. Ophunzira akachuluka pa leba imodzi amalimbirana amayi, manambala sakwana, ndipo mwana amawonjezeredwa miyezi, inu mukulipirabe lendi ndi chakudya. Mufunseni wophunzirayo ngati aphunzitsi amawatsatira ku mawodi kapena amangowasiya m'manja mwa anamwino omwe ntchito yawachulukira kale. Mufunsenso kuti m'kalasi mwake anayamba angati ndipo atsala angati, chifukwa kulemba sapu (kubwereza mayeso omwe walephera), kubwereza chaka ndi kuwidwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera) zonse ndi ndalama. Kwa akuluakulu a koleji funsani zotsatira za mayeso a Khonsolo za zaka 3 zapitazi: analemba angati, anakhoza angati ulendo woyamba. Sukulu yomwe imakhoza bwino sichedwa kutulutsa mapepala amenewo.

Kanthu kena komwe anthu amakaiwala ndi chiyankhulo. Agogo a ku Ekwendeni kapena ku Rumphi adzafotokoza ululu wawo m'Chitumbuka, a ku Nkhata Bay m'Chitonga. Ngati mlongo wanu wakulira m'nyumba ya Chichewa chokhachokha, ayambe pano kutchera khutu mumsika ndi kutchalitchi.

Pa chithandizo cha fizi, bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB limathandiza a m'sukulu za ukachenjede zovomerezeka, choncho funsani ku koleji ngati pulogalamu yomwe wasankha ili m'gulu lolandira ngongole musanaiwerengere pa bajeti. Bungwe la GAIA lakhala likulipirira ophunzira unamwino osowa, pa mgwirizano woti akamaliza adzagwire ntchito m'zipatala za m'dziko muno kwa zaka zingapo. Mgwirizano wotere muuwerenge wonse musanasaine. Mpingo wanu nawo muufikire, makamaka ngati koleji ndi ya mpingo womwewo, ndipo mafomu a chithandizo atengedwe ku ofesi ya koleji, osati kwa munthu wokumana naye panjira yemwe akuti ali ndi "njira". Malo a sukulu sagulidwa.

Ndikuuzeninso ichi kuti musadzadabwe: si onse omwe amalembedwa ntchito akangolandira laisensi, ndipo bungwe la anamwino la NONM lakhala likudandaula za anamwino ophunzira bwino omwe ali pakhomo. Mu bajeti yanu muikemo miyezi ina yomusunga akamaliza, pamodzi ndi ndalama yokonzetsera laisensi chaka ndi chaka kuti isathe mphamvu ali kudikira.

Sabata ino jambulitsani satifiketi ya MSCE ndi chitupa cha unzika, mukwere minibasi ya ku Ekwendeni m'mawa, masana mudzere ku St John's, kope lija lili m'manja.