Soketi za kukhitchini ndi GFCI: kodi ndigule yayokha paliponse?

Achimwene ena omwe amakhala ku South Bend, Indiana, ku America, anditumizira imelo. Agula nyumba yakale, inspekita wawauza kuti soketi za pakauntala zilibe GFCI (soketi yomwe imadula yokha magetsi akayamba kuthawira kwina, kuti asagwire munthu), ndiye akuti: "Zilipo 6, ndisinthe zonse? Ndaikapo imodzi koma ikukana reset."

Achimwene, zonse 6 ayi, madolawo sungani. GFCI imodzi imateteza anzake onse amene ali kutsogolo kwake pa circuit yomweyo, bola muyiike pa soketi yoyamba kuchokera ku panel, bokosi lija logawa magetsi m'nyumba momwe mumakhala ma breaker. Ndiye itembenuzeni muone kumbuyoko, pali malemba awiri, LINE ndi LOAD, ndipo ikakhala yatsopano pa LOAD pamakhala kathepu kachikasu. Mawaya obweretsa magetsi amalowa pa LINE, opita kusoketi zinazo pa LOAD, wakuda pa sikuluwu ya brass, woyera pa ya silver. Ndikukayika ngati simunasemphanitse pamenepa, chifukwa ma GFCI amakono amakaniratu reset mukatero. Zimitsani breaker, tsimikizani ndi tester kuti kulibedi moto musanagwire, kenako pezani waya amene akuchokera ku panel.

Mukakonza koma ikumangodulabe mukalumikiza ketulo, mwina nyumbayo ili ndi ma circuit awiri ogawana neutral imodzi (waya woyera uja wobweza magetsi), muona waya wofiira mubokosimo. Pamenepo za LOAD zija sizitheka, mpofunika GFCI breaker ya 2-pole (yodula ma circuit onse awiri pamodzi) kapena GFCI pasoketi iliyonse, ndipo ine apa ndimati itanani elekitirishani basi.

Ena amati "breaker ilipo kale nanga", koma iyo ija imalondera mawaya kuti asapse, imadikira mpaka 20 amps kupitirira, munthu pofika pamenepo zake zada kalekale. GFCI imayerekeza magetsi opita ndi obwerera, akangosiyana ndi 4 mpaka 6 milliamps imadziwa kuti ena athawira kwina, mwina m'thupi mwanu manja ali onyowa pasinki, nkudula pompo.

Za malamulo, buku lake ndi National Electrical Code, limakonzedwanso zaka 3 zilizonse. Limafuna ma circuit osachepera awiri a 20 amps a pakauntala, waya wake wonenepa wa saizi 12 AWG osati wowonda wa 14, choncho GFCI zanu zikhala ziwiri mwina. Soketi zisatalikirane kuposa mafiti 4. Kuyambira 1996 za pakauntala zonse zimafuna GFCI, ndipo la 2023 linawonjezera soketi zonse za m'khitchini, ya fuliji yomwe. Kungoti state iliyonse imatengera chaka chake, ndiye imbani ku building department mufunse akugwiritsa liti komanso ngati mukufunika permit.

Mukapeza kuti mubokosimo mulibe waya wa ground (wa earth uja), zomwe zimachitika m'nyumba zakalezi, GFCI imagwirabe ntchito ndipo ndiyololedwa, mungomata kasitika ka "No Equipment Ground" kamene kamabwera mupaketimo. Mukamaliza dinani TEST muone ngati soketi zakutsogolo zija zazimanso.