Galimoto yomwe inkakwera ndege isanaponde msewu

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo kufunsa ngati n'zoona kuti kunali Cadillac yomwe inkanyamulidwa pa ndege ili mkati mopangidwa, komanso ngati ndegezo n'zimene zinaiphetsa msanga. Funso loyambalo, inde, n'zoona ndithu. Lachiwirilo ndikukana pang'ono.

Galimoto mukunenayo ndi Cadillac Allanté, ya mipando iwiri, yotsegula denga, yomwe kampani ya General Motors (GM) inagulitsa kuyambira 1987 mpaka 1993. Nthawi imeneyo anthu andalama ku America ankathamangira Mercedes-Benz SL, ndipo Cadillac inkaoneka ngati ya madala opuma pantchito. Pofuna kuchotsa mbiri imeneyi, GM inapita ku Italy kwa Pininfarina, kampani yomwe inajambula ma Ferrari ambiri, kuti ijambule komanso kupanga bodi. Mabodiwo ankapangidwira pafupi ndi mzinda wa Turin, kenako n'kukwezedwa mu ndege za Boeing 747 zokonzedwa mwapadera, 56 pa ulendo umodzi, kupita ku Detroit. Ku fakitale ya Hamtramck, ku Detroit komweko, n'kumene ankaikako injini ndi zapansi.

Zimenezi zinkadya ndalama, n'chifukwa chake mtengo unali pafupifupi madola 54,000, kuposa Cadillac ina iliyonse. Komabe munthu amene angakwanitse Mercedes sathawa mtengo. Iye amathawa kulipira zambiri n'kulandira zochepa. Allanté yoyamba inali ndi injini ya V8 ya malita 4.1 yotulutsa 170 horsepower basi, pomwe Mercedes 560SL inali ndi ya malita 5.6. Allanté inkakoka ndi matayala akutsogolo, zomwe okonda liwiro sankazifuna pa galimoto ya mtengo wotere. Ndiye denga lansalu lija, amene analiona amalidziwa: kulipinda ndi manja kunali chintchito, ndipo mvula ikagwa linkadontha. Tangoganizani, mwalipira ndalama zonsezo koma mpando wachikopa wanyowa. GM inkayembekezera kugulitsa 6,000 pa chaka, koma zaka zambiri inkangozungulira pa 3,000.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zinthu anazikonza, koma mochedwa. Mu 1989 anaika injini ya malita 4.5. Mu 1992 Allanté ndiyo inasankhidwa kutsogolera magalimoto asanayambe kupikisana pa mpikisano wa liwiro wa Indianapolis 500, ndipo ya 1993 inabwera ndi injini yatsopano ya Northstar, ya 295 horsepower. Imeneyi tsopano inali galimoto yoti n'kuima nayo pafupi ndi Mercedes osachita manyazi, ndipo chaka chimenecho anapanga zambiri kuposa zaka zonse. Tsoka lake, GM inali itangotaya mabiliyoni a madola ndipo inkatseka mafakitale, moti inalibenso mtima wosunga galimoto yogulidwa ndi anthu ochepa. Zonse pamodzi zinapangidwa pafupifupi 21,000.

Cadillac inayesanso galimoto ya mipando iwiri ndi XLR mu 2004, popanda ndege iliyonse. Nayonso inangofika 2009.