Ndimakhala ku Indiana, ndagwira ntchito ku Michigan ndi Illinois: ndikhoma msonkho katatu?

Mayi wina wa ku South Bend, ku Indiana, wanditumizira imelo ali ndi nkhawa. Amasamalira okalamba kudzera ku ejensi, ndipo chaka chatha anagwira miyezi ingapo ku Niles, tsidya la Michigan, kenako miyezi itatu ku Chicago, ku Illinois. Tsopano ma W-2 (mafomu ochokera kwa abwana osonyeza malipiro a chaka ndi msonkho womwe unadulidwa) afika, ndipo m'bokosi 15 mukuoneka ma state osiyana. Akufunsa ngati onsewo amudya ndalama.

Achemwali, mtima m'malo, simukhoma katatu. Kungoti tinazolowera kumudzi komwe PAYE imapita ku MRA basi, nkhani n'kutha. Kuno ku America, kupatula IRS, bungwe lotolera msonkho wa dziko lonse, state yomwe mukukhala imawerengera msonkho pa ndalama zanu zonse, ndipo yomwe mwagwirako ntchito imafunanso gawo pa zomwe mwapezera m'dera lake.

Za Michigan n'zopepuka. Indiana inagwirizana ndi Michigan, Kentucky, Ohio, Pennsylvania ndi Wisconsin kuti malipiro a munthu azikhomeredwa kumene amakhala. Choncho ndalama za ku Niles zija msonkho wake ndi wa Indiana. Onani bokosi 17 pa W-2, lomwe limasonyeza msonkho wa state womwe unadulidwa. Ngati abwana ankadula wa Michigan, lembani MI-1040, fomu ya msonkho ya Michigan, pamodzi ndi Schedule NR, ya anthu osakhala m'state imeneyo, kuti akubwezereni, koma ndalamayo musaidye msanga, chifukwa Indiana sinalandire kanthu pa malipirowo ndipo ikuyembekezera pofika pa 15 Epulo. Mawa lomwe pitani ku ofesi ya malipiro mukapemphe kuti asiye kudula wa Michigan.

Illinois ndiye yofuna kuikhalira pansi, poti ilibe pangano lotere ndi Indiana. Yambani ndi mafomu a Illinois, IL-1040 ndi Schedule NR, n'kuikapo za ku Chicago zokha ngati ndalama za ku Illinois. Mukatero lembani IT-40 ya Indiana, muonetse ndalama zonse za chaka, n'kupempha kuti akuchotsereni msonkho womwe mwapereka ku Illinois. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Illinois imatenga 4.95 peresenti, Indiana pafupifupi 3 peresenti, ndipo Indiana imangochotsa kufika pa mlingo wake. Yapamwambayo yapita, sibwerera. N'zowawa kwa munthu amene wachezera usiku akutembenuza odwala, koma lamulo lili choncho, ndipo ndi bwino kuziwerengeratu musanavomere kontirakiti ina ya ku Chicago.

Musaiwalenso kamsonkho ka county. Indiana imayang'ana komwe munkakhala pa 1 Januwale, ndiye St. Joseph County, komwe kuli South Bend, ifuna gawo lake ngakhale pa ndalama za kunja zija.

Zonsezi ndalemba poganiza kuti nyumba yanu inali ku South Bend chaka chonse, ku Chicago munkangogonera ntchito. Ngati munasamukiratu, n'kusiya nyumba ndi kusintha laisensi ya galimoto, fomu ya Indiana ikhala IT-40PNR ndipo chaka chigawidwa pawiri. Sungani kalata ya lendi ndi mapepala a malipiro, chifukwa ndi zomwe zimasonyeza tsiku lomwe munachoka.